Anandilemba Ntchito Yosupira Ena Gule

Ntchito yanga yoyamba yolandira pamwezi ndinaipeza chifukwa chosakhala ndi mpingo. Anzanga ankalembedwa chifukwa cha satifiketi, ena chifukwa cha alamu awo. Ine anandifuna chifukwa panalibe munthu pansi pano amene akanatha kundidula mumpingo.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndili mnyamata wandevu kale, ndikugulitsa nsomba za atsibweni anga. Bambo anga anali Msilamu wa ku Senga Bay. Ndi amene anandipatsa dzina loti Jafali, koma anapita ku Joni ndisanamere mano ndipo sanabwerenso. Mayi anga kwawo n'kwa Maganga, mudzi wa gule. Sukulu ndinaphunzira ya mishoni mpaka Sitandade 6, kalasi ya ubatizo ndinailowako, koma usipa utachuluka ndinayamba kujomba mpaka anandifufuta. Choncho kumzikiti ndinali mwana wosochera, kutchalitchi ndinali wakunja, ndipo kudambwe atsibweni anangondigulira njira ndi nkhuku kuti zilombo zisamandithamangitse ndikamadutsa ndi dengu.

Chuma changa chinali kuwerenga. Nyuzi zokulungira nsomba ndinkayamba ndaziwerenga, kasitomala ataima, ntchentche zikusangalala. Ndinalinso ndi buku lopanda chikuto lonena za zipembedzo za padziko lonse, lomwe ndinatola ku mishoni tsiku lomwe ankataya mabuku odyedwa ndi chiswe. Chiswecho chinali chitamaliza mbali ya Chikhristu ndi ya Chisilamu, n'kundisiyira Ahindu. Kuchokera ku Chipoka mpaka ku Khombedza panalibe wodziwa za Ahindu kuposa ine, ndipo panalibenso wofuna kuzimva.

Cha kunyanja kunali nyumba ya alendo ya mpingo wina, kumene kunkachitikira misonkhano ndi maphunziro. Woyang'anira wake anali a Kamtedza, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wosakonda kubwereza mawu. Ndinkaperekako chambo kukhitchini. Tsiku lina anandipeza pakhonde, buku lija lili pamaondo, ndikudikira wophika.

"Iwe, ndiwe wa mpingo uti?"

Ndinafotokoza mbiri yonse ija, ndikuyembekezera ulaliki.

"Ndiye kuti palibe angakudule?"

"Palibe, bambo."

"Gule sumuopa?"

"Ndinagula njira."

"Ubwere Lolemba. Uvale buluku lalitali."

Nkhani yake inali iyi. Pa tchuthi chachikulu, nyumba ija inkalandira ophunzira za zipembedzo ochokera ku yunivesite, atatu kapena anayi nthawi imodzi. Zimene ankachita kwathu kuno sizinali za m'kalasi. Lamulungu ankalalikira m'nyumba zamapemphero zakutali kumene abusa sankafikako kawirikawiri, ankaphunzitsa Sande sukulu ndi makwaya, ankayendera odwala, nthawi zina ankaumba nawo njerwa. Pakati pa mlungu ankayenda m'midzi kukaona mmene anthu ena amapembedzera: kumzikiti Lachisanu, ku sadaka kukamva Asilamu akuimba sikiri, kwa a Zioni, ndiponso kugule. Pobwerera ku sukulu ankalemba zimene anaona.

Kwina konseko kunalibe vuto. Vuto linali gule. Ambiri mwa ophunzirawo anali a mpingo womwewo wa nyumba ya alendo, umene sunkaseka ndi zilombo. Abusa a m'deralo anagwirizana ndi a Kamtedza kuti ana a sukulu angathe kuonera, popeza ndi maphunziro, koma asamwe mowa wake, asaombe m'manja, ndipo makamaka asasupe. Kusupa ndi kuja mlendo amaika kandalama patsogolo pa wovina pomuthokoza. Kwa mpingo, kusupa chilombo kunali kupereka nsembe kwa mizimu, ndipo chilango chake chinali kudulidwa. Koma kumudzi, mlendo amene wapatsidwa mpando kutsogolo, chilombo n'kumuvinira iye n'kungopinda manja, wanyoza bwalo lonse. Komanso zaka zimenezo gule ankavinidwa pamaso pa mtsogoleri wa dziko, ndiye wonyoza gule ankatha kusanduka wonyoza zina zazikulu, malinga ndi mmene a tcheyamani a chipani adzukira tsikulo.

Pankafunika dzanja loti lizisupa m'malo mwawo, dzanja lopanda mpingo. Dzanjalo ndinali ine.

Panali ntchito zinanso. Ndinkanyamula wailesi ya kaseti yojambulira mawu, yolemera ngati mwana woyamba kuyenda, ya lamba wopachika paphewa. Maikolofoni yake inali ya chingwe chachifupi, moti wonyamula wailesi ndi wogwira maikolofoni ankayenda ngati ng'ombe za pagoli limodzi. M'mawa uliwonse ndinkapukuta mutu wa wailesi ndi thonje lonyowetsedwa ndi sipiriti. Mabatire anali akuluakulu a mutochi aja, ndipo ofooka ndinkawayanika padenga la malata kuti atsitsimuke. Tisanajambule ndinkatchula dzina la mudzi ndi mwambo wake, tikamaliza n'kuthyola timano ta kumbuyo kwa kaseti kuti wina asadzajambulepo nyimbo za kwaya. Wailesi ikatafuna tepi, umaitulutsa pang'onopang'ono osakoka, n'kuikulunga ndi bolopeni ya makona. Njinga zinali udindo wanganso: pampu, mapachi, sulushoni, chifukwa njira zathu minga siisowa.

Ulendo usanachitike ndinkatsogola ndekha kukapempha. Umayamba kwa mfumu, kenako kwa a tcheyamani, pomaliza kwa eni mwambo, ndipo ukasemphanitsa umayambiranso. Tisanapalase ndinkaona ndi maso anga khadi la chipani la wophunzira aliyense, ndi chitenje cha mtsikana aliyense. Pomaliza a Kamtedza ankandipatsa kathumba kansalu ka makobidi.

"Uziima kumbuyo kwa mipando yawo," anatero tsiku loyamba. "Chilombo chikangolunjika kwa mwana wanga, iwe uli kale kutsogolo. Zina zonse ukhoza kulakwitsa."

Kusupako kuli ndi kachitidwe kake. Suponya ngati ukugenda galu, ndipo supereka m'manja. Umawerama, kuika khobidi pansi, n'kubwerera osafulumira kutembenuka. Wotola alipo. Ndinakuzolowera mpaka ndinayamba kukuchita monyadira, ngati kuti ndalamazo n'zanga.

Ophunzirawo anali anthu abwino, koma anandikalambitsa. Wina anandituma kuti ndikauze a Zioni aziimba ng'oma motsitsa chifukwa kasingano ka wailesi kakufika pofiira. Wina anafunsa mayi wina wachikulire mafunso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, ine ndikuingitsa mbuzi pa ufa umene mayiwo anayanika. Wina anadwala m'mimba chifukwa chokana kumva kuti madzi a m'nyanja samwedwa pafupi ndi pochapira. Inenso sindinali wosalakwa. Tsiku lina, swala ya kumzikiti itatha, ophunzira akucheza ndi shehe wina ku Senga Bay, ndinaona kuti mpata wanga wakwana, n'kuyamba kufotokoza za mtsinje wopatulika wa Ahindu. Shehe anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Iwe si mwana wa Bwanali?" anafunsa. "Za Ahindu wazidziwa. Nanga Juma yathayi unali kuti?"

Chaka chachiwiri kunabwera awiri amene ndikufuna kunena. Edina anali wa ku Blantyre, woyankhula mofulumira, ndipo ankalemba za nyimbo zimene amayi amaimba pagule. Za kudulidwa sankaziopa. Ankati mpingo wake unatopa naye kalekale. Winayo anali Lameki, wamtali, wowonda, wa kumapiri a ku Dedza, amene ankavala jekete ngakhale kutentha kwa ku Salima kuno. Mpingo wa kwawo unali utamusankha kuti akamaliza digiri akaphunzire ubusa, ndipo mudzi wonse unkamutcha kale abusa aang'ono. Anabwera ndi chilolezo cholalikira, ndipo abusa athu anamupatsa nyumba yamapemphero yakutali kwambiri, kuseri kwa dambo, imene pasanapite nthawi inayamba kudzaza.

Lameki anali wotopetsa mwa njira yakeyake. Ukamuuza kuti tikhotere kumanzere, ankafunsa chifukwa chake. Ukamuuza kuti akafunsidwa ngati wadya aziti inde kuti tisachedwe, ankati sanadye. Ankathokoza aliyense, ngakhale mwana womulozera njira yolakwika. Koma pa nkhani ya gule sindinkamudera nkhawa. Ankakhala pampando ngati mtengo, manja pamaondo, ine n'kumasupa. Tinayenda mabwalo angapo popanda chovuta.

Tsiku lovuta linatipeza pamudzi wina kupitirira Khombedza. Kunali mpalo, mwambo wokumbukira mkulu amene anamwalira chaka chapitacho, ndipo malemuwo anali atsibweni awo a tcheyamani a nthambi ya komweko. Tinakwera basi, njinga zili pamwamba, n'kukapalasa kuchokera pa Khombedza. Anatilandira bwino zedi. Mayi amasiye, atamva kuti mmodzi mwa alendo ndi mlaliki, anamuphikira thobwa lapadera losasasa, n'kubweretsa okha atagwada. Kenako analowa m'nyumba n'kutulutsa mpando wa ndalema wansalu yothethekathetheka, nauika kutsogolo penipeni, pambali pa a tcheyamani.

"Unali wa bambo," anatero. "Chimwalirireni palibe wakhalapo. Khalanipo inu, mwanawe."

Lameki anathokoza, monga mwa nthawi zonse, n'kukhala. Ine ndinaima kumbuyo kwake, wailesi paphewa, kathumba m'thumba la malaya. Nditaganiza bwino tsopano, pamenepo m'pamene munthu wogula njira akanadzidzimuka. Ine ndinkasirira thobwa.

Ng'oma zitayamba, kunatuluka tizilombo tating'onoting'ono totsegulira bwalo. Amayi oimba anali tsidya lina, moyang'anizana nafe. Edina anayamba kundikoka ndi chingwe.

"A Jafali, tiyeni uko. Kuno tikungojambula ng'oma ya mbalule ndi chifuwa cha a tcheyamani."

"Achemwali, malo anga ndi pano."

"Nyimbo ziwiri zokha. Zazikuluzo zituluka dzuwa likapendeka, munanena nokha."

Ndinanenadi, chifukwa ndinkakonda kunena zinthu. Ndinawerama n'kunong'oneza Lameki kuti chilichonse chikabwera aweramitse mutu ngati akupemphera, ine ndifika. Anafunsa chifukwa chake. Edina anali atandikoka kale. Tinazungulira kuseri kwa anthu mpaka kwa amayi, Edina n'kulowetsa maikolofoni pakati pawo.

Nyimbo ziwiri zinasanduka zambiri. Nthawi iliyonse ndikati tizipita, Edina ankakweza chala kuti ndikhale chete, tepi ikuzungulira. Kenako mbalule inasintha kalilidwe, amayi anayamba nyimbo ina yapansipansi, ndipo kuchokera kuliunde, kobisalira zilombo kuja, kunatuluka chilombo chachikulu, cha nthenga kumutu, thupi lonse lopakidwa dothi. Sichinazungulire bwalo monga zinzake. Chinavina pang'ono pakati, n'kulunjika ku mpando wa malemu.

N'zimene chinabwerera. Chinabwera kudzalira mwini mpando, ndipo aliyense pamudzipo ankadziwa zimenezo kupatula ife alendo. Chinafika, chinagwada pafumbi patsogolo pa Lameki, n'kumapukusa mutu pang'onopang'ono. Ng'oma zinatsika. Chinadikira.

Kuchokera pomwe ndinaima ndinkaona zonse. Lameki anaweramitsa mutu monga ndinamuuzira. A tcheyamani anamuyang'ana, n'kuyang'ana kumbuyo kwa mpando kumene kunalibe munthu, n'kumuyang'ananso. Achinyamata a chipani awiri a malaya ofiira anasendera pafupi. Mayi amasiye anali chogwada chapambali, manja pachifuwa.

Njira yachidule inali kudutsa pabwalo, koma pabwalo sadutsapo chilombo chili pomwepo, ndipo atsabwalo, osungitsa mwambo pagule, ndi ndodo zawo ntchito yawo n'njomweyo. Ndinayamba kuthamanga mozungulira, kuseri kwa khamu. Ndinaiwala kuti ndili pagoli. Chingwe chinakungika, ndipo kumapeto kwake kunali Edina, atagwira maikolofoni ndi manja awiri.

"Dikirani, iyi ndiye nyimbo yake."

"Siyani chingwecho, achemwali."

"Mudula tepi."

Ndikanatha kuvula wailesi n'kuisiya pansi. Nzeru imeneyo inandibwerera patapita masiku, ndili kubafa. Panthawiyo ndinangokoka, Edina akubwera pambuyo akundinena, tikulumpha mitondo, ana ndi miphika ya mowa. Galu wina anatitsatira. Pamene ndinkadzipanikiza pakati pa azibambo kuti nditulukire kumipando, dzanja lili kale m'kathumba, ndinamva nthungululu.

Lameki anali ataimirira. Anali atavula chipewa, watulutsa khobidi m'thumba la jekete lake, waliika pansi bwinobwino monga ankandionera ine. Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, anawerama n'kuomba m'manja mwaulemu, mmene timachitira pamaliro. Chilombo chinadzuka, ng'oma zinakwera, fumbi linabuka. A tcheyamani anamugwira chanza ndi manja awiri. Mayi amasiye ankalira.

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati pali wa mpingo. Analipo. Chapatali, pansi pa mtengo wa mango, panaima a Nkhata, mkulu wa mpingo wa dera lomwelo, njinga yawo ataigadamiza, maso ali kwa ife.

Pobwerera ndinapalasa pambali pa Lameki ndikutukutira.

"A Lameki, ine amandilipira chifukwa cha chiyani?"

"Munachedwa, a Jafali."

"Mukanadikira. Chilombo sichithawa."

"Chinali chitagwada. Amayi aja amandiyang'ana."

"A Nkhatanso amakuyang'anani."

"Ndinawaona."

Edina, kumbuyo, anati tepi yatuluka bwino kupatula pomwe pakumveka kupuma kwanga.

A Kamtedza anamvetsera nkhani yonse osaphethira. "Ndinakulembera ntchito imodzi," anatero, n'kutuluka panja. Atabwerako anali ataganiza kale. Uthenga unali utafika woti Lameki akaonekere ku bwalo la akulu a mpingo Loweruka. A Kamtedza ankawadziwa abusa. Sankafuna kutaya mlaliki amene anawadzazira nyumba ya kuseri kwa dambo, ndipo ankangofuna pogwira. Munthu wochimwa chifukwa choopsezedwa ankangodzudzulidwa, osadulidwa. Kunena kuti anaopa a chipani sikukanatheka, chifukwa mawu oterowo ankatuluka m'chipinda chilichonse asanatuluke eni ake. Koma kunena kuti anaopsezedwa ndi munthu wakunja, wosabatizidwa, wogula njira, kunali kosavuta.

"Ukanene kuti unamuuza kuti akapanda kusupa amenyedwa."

Sikunali kunama kwenikweni. Ophunzira onse ndinkawauza zotero tsiku loyamba, kuti aziona kufunika kwanga. Ndinavomera ndi mtima wonse. Kunena zoona ndinakondwera, chifukwa aka kanali koyamba kuitanidwa kukayankhula pamaso pa anthu ophunzira. Ndinakonza mawu anga masiku onse otsalawo, ndikuyeserera pamaso pa njinga. Ndinaikamo ndi mwambi. Lameki tinamuuza kuti ntchito yake n'kungoti inde. Anafunsa chifukwa chake, a Kamtedza anamufotokozera, iye anangoti wamva.

Bwalo linakumana m'kalasi ya sukulu ya pamishoni, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana. Edina sanaloledwe kulowa, ndipo anakhala pansi pa zenera panja. Ine anandikhazika pafupi ndi chitseko. A Nkhata anafotokoza zimene anaona, mwatsatanetsatane, mpaka mtundu wa nthenga. A Kamtedza anatsokomola.

"Pepani abusa, ndingofuna kudziwa. A Nkhata kuguleko amakatani?"

"Ndimadutsa. Tcheni chinagwa."

"Masana onse?"

"Tcheni chake n'chovuta."

"Nkhani ya tcheni si imene tasonkhanira," anatero abusa, motopa. Pansi pa zenera panamveka kutsonya.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira n'kuyankhula bwino kwambiri. Ndinadzipaka matope ndekha mosaumira. Ndinati ndine munthu wa mumdima, ndinadzaza mwana wa eni ndi mantha, ndinamusiya yekha pakati pa zilombo. Akulu ena ankagwedeza mitu, ndipo mmodzi anati, "Zoona, nkhope yake ikuoneka." Sindinakhumudwe. Ndinakhala pansi ndikudziwa kuti ntchito ndaigwira.

Abusa anatembenukira kwa Lameki, nkhope yawo itamasuka.

"Mwana wanga, ndiye kuti unachita zimenezi ndi mantha, atakuopseza munthu uyu?"

Lameki anaimirira, chipewa m'manja.

"Ayi, abusa."

A Kamtedza anayang'ana kudenga.

"Mantha ndinali nawo," anapitiriza, "koma si amene anandidzutsa pampando. Amayi aja anandikhazika pampando wa amuna awo. Ndikanangokhala, akanachita manyazi pamaso pa mudzi wonse, pa tsiku lawo. Sindinapembedze chilombo. Koma ndalama inali yanga, ndipo a Jafali sananditume."

Abusa anapukuta magalasi nthawi yaitali. Kenako anayesa khomo lina.

"Chabwino. Koma ukulapa? Utabwerera pampando uja lero, sungachitenso?"

"Ndikupepesa kuti ndaphwanya lamulo la mpingo, ndipo chilango ndichilandira. Koma ndikati sindingachitenso, ndinama."

Apa m'pamene ndinalephera kudzigwira. "A Lameki, ingonenani kuti ndine," ndinatero mokweza. "Ine sindiluza kanthu." Ananditulutsa. Ndinakakhala pansi pa zenera pambali pa Edina.

Anamudula. Anamuletsa Mgonero ndi kulalikira, ndipo nkhani inatumizidwa ku mpingo wa kwawo. Pambuyo pake tinamva kuti kumeneko anamuchotsa pa oyembekezera ubusa. Mumpingo anadzabwezeretsedwa atatha kalasi ya obwerera, koma khomo la ubusa silinatsegukenso. Anadzakhala mphunzitsi wa Baibulo ku sekondale ina kumpoto. Abusa athu analetsa ophunzira a mpingo wawo kupitanso kugule, moti kathumba kaja kanayamba kugona m'kabati. Ine a Kamtedza sanandichotse. Anati palibe wina wodziwa kukulunga tepi.

Tchuthi chinali chisanathe. Lamulungu lotsatira, m'mamawa, ndinamva kugogoda. Anali Lameki, jekete lili pathupi.

"Tiyeni, a Jafali, tichedwa."

"Kuti?"

"Kuseri kwa dambo."

"Kukatani? Anakuletsani."

"Anandiletsa kulalikira. Kupemphera sanandiletse."

Tinapalasa mtunda wonse uja. Anthu anali atamva kale. Analowa n'kukhala pa benchi lakumbuyo, pamodzi ndi ana ndi odulidwa anzake, pamene mkulu wina wa maso ofooka ankalimbana ndi mawu a tsikulo, chala chili pa mzere, akuphonya n'kubwerera. Ine ndinali panja ndi njinga, ndikumva zonse, ndikupsa mtima. Pa mawu ena ovuta mkuluyo anaima n'kuyang'ana kumbuyo, kwa Lameki. Lameki anangoyang'ana pansi, mpaka mkuluyo anawatulutsa yekha. Tinachita chimodzimodzi Lamulungu lililonse mpaka tsiku lomwe anakwera sitima.

Ulendo wina pobwerera ndinamufunsa ngati sakudandaula.

"Ndikudandaula kwambiri," anatero. "Mayi anga anali atagula kale nsalu yodzavala pa tsiku londidzoza."

"Nanga bwanji osangoti inde?"

"Palasani, a Jafali. Dzuwa likutentha."

Ndagwira ntchito zina zambiri chichokereni kumeneko, zina mwa izo zoperekezanso alendo. Chimene ndinatengako n'chakuti munthu usanamuimire kutsogolo, yamba wamufunsa ngati akufuna kubisala. Ife tinakonza zonse, a Kamtedza, abusa ndi ine, tinamusiyira khomo lotsegula, koma palibe anakhala naye pansi n'kumufunsa chimene iye akuona kuti anachita pampando paja. Tinkaganiza kuti aliyense amafuna kupulumuka mwa njira iliyonse, chifukwa ifeyo tikanatero. Mpaka lero ndimamukwiyirabe pang'ono. Koma mwana wanga woyamba atafika posankha sekondale, ndinafufuza kaye kumene Lameki ankaphunzitsa.